A Gwanda ndi Mafunso a Mwana Wawo

A Eneya Gwanda anabadwira ku Domasi, mwana wa mlaliki. Ntchito ya magetsi anaiphunzirira ku Blantyre, ndipo anagwirako pa fakitale ina ya shuga asanabwere ku Glasgow. Pano amayala mawaya m'mimba mwa zombo ku Govan. Amakhala ku Govanhill, pa fulati ya pamwamba penipeni, ndi akazi awo a Tusekelege, a ku Karonga, amene ndi namwino pa chipatala chachikulu. Mwana wawo ndi mmodzi, Atusaye. Anabwera naye kuno ali wa kumsana.

A Gwanda sachulutsa mawu. Kutchalitchi anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, Mmalawi woyamba pa mpingo umenewo. Asikoti ataona kuti mabenchi a achinyamata adzaza ana a Amalawi, a ku Ghana ndi a ku Naijeriya, anawapatsa kalasi. Iwo anaiyendetsa monga anaidziwira kwawo: mkulu afunsa, mwana ayankha za pamtima. Anawo ankayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chomeza mawu, koma ankayankha ndithu, ndipo makolo ankayamikira.

Chaka chimene Atusaye analowa yunivesite, dzina lake linali pakati pa oyenera kulandiridwa mumpingo pa mgonero wa Pasaka. Anakalipereka ndi bambo ake. Mwiniwake sanafunsidwe, pakuti kwathu mwana wa mkulu wa mpingo safunsidwa zotere.

Nkhani inabuka pa chakudya cha masana Lamulungu lina, pali alendo: a Goodwill, mkulu wa mpingo mnzawo, ndi akazi awo a Ketrina, mtsogoleri wa amayi a Mvano. A Goodwill atamuyamikira mtsikanayo kuti wakula ndipo posachedwa adzaima kutsogolo kwa mpingo, iye anati asanaime ali ndi zofunsa. Anafunsa chifukwa chake nkhani za m'Baibulo za manda opanda kanthu a Yesu sizigwirizana pa chiwerengero cha amayi ndi angelo. Anafunsa za mneneri amene anakhala m'mimba mwa chinsomba natulukamo wamoyo. Funso lachitatu analifunsa m'Chichewa, kuti pasakhale wonamizira kusamva.

"Nanga agogo awo a agogo anga, amene anamwalira Asikoti asanafike ku Domasi, ali kuti? Mulungu ankadikira sitima?"

A Goodwill anatsokomola. A Gwanda anaika foloko pansi, nanena kuti mafunso amenewo si ake, ndi a mabuku a anthu osapemphera.

"Safunsa anadya phula. Munandiphunzitsa ndinu, adadi."

Anamuuza kuti achotse mbale.

Kwathu mtsikana akayamba kupotoka, bambo sakangana naye. Amaitana amayi olangiza. A Tusekelege anakana poyamba. Anati mwanayo sanabe, alibe pakati, wangofunsa basi. Koma amuna awo anaumirira, ndipo Loweruka masana amayi a Mvano anakwera masitepe a fulati ija akupuma wefuwefu, mabulauzi oyera ndi maduku oyera, majasi a chisanu pamwamba. Anakankhira tebulo kukhoma, nayala zitenje pansi. Atusaye anamukhazika pakati. Anatambalala, manja pa miyendo, maso pansi, monga amayi ake anamuphunzitsira. Wolangizidwa sayankha. A Gwanda anatsika kukayendayenda m'misewu, popeza chilangizo si cha abambo.

Amayiwo anaimba, anapemphera, nalankhula mosinthana. Ananena za ulemu, za sukulu imene imatupitsa mutu, za manyazi amene bambo ake adzachite pamaso pa Asikoti. Za amayi a kumanda, za chinsomba ndi za makolo, palibe anazitchula. A Gwanda atabwerera, a Ketrina anawalandira pakhomo.

"Mwana wamva, abusa athu aang'ono. Sanayankhe ngakhale liwu limodzi. Muli ndi mwana waulemu."

A Gwanda anathokoza, nawaperekeza amayiwo pa basi.

M'mawa mwake, nthawi yopita kutchalitchi, Atusaye sanatuluke m'chipinda. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Mwano sanachite. Ankapereka moni, ankaphika, madzi osamba m'manja ankabweretsa. Koma mayankho ake anali eya ndi ayi, ndipo mafunso anathera pomwepo, ngakhale ofunsa ngati kunja kukugwa mvula. Mwana amene kuyambira ali wamng'ono ankafuna kudziwa chifukwa chake chombo chachitsulo sichimira, tsopano ankadya ngati mlendo. Patapita milungu ingapo, a Tusekelege anauza amuna awo kuti mwanayo akufunafuna chipinda pafupi ndi yunivesite, ndipo kutchalitchi wanena kuti sadzapondako.

"Munafuna kuti akhale chete, bambo a Atu. Wakhala chete."

Pa mpingopo panali mkulu wina wachisikoti, a Rowland, wokalamba, amene kale ankaphunzitsa Chigiriki ndi Chilatini ku sekondale. Ntchito yawo tsopano inali yofulula tiyi mapemphero akatha, tiyi wake wamadzimadzi. A Gwanda anawafotokozera nkhaniyo akutsuka makapu, motsitsa mawu, monga munthu aululira matenda a m'nyumba. A Rowland sanafunse za khalidwe la mtsikanayo. Anafunsa kuti mafunsowo anali otani. Atawamva anati ndi mafunso akale kuposa tchalitchi chilichonse cha mu Glasgow. Sabata yotsatira anabwera ndi mabuku okhuthala m'jumbo la kugolosale.

A Gwanda ankawerenga m'basi popita ku Govan ndi pa nthawi ya nkhomaliro, anzawo akukangana za mpira. Tsiku loyamba anatseka bukulo msanga, poganiza kuti nkhalamba ija yasokoneza. Munali chipongwe chokhachokha: kuti Malemba analembedwa ndi asodzi osaphunzira, kuti nkhani ya kuuka inachokera kwa mkazi wosokonezeka mutu. Anaika bukulo pansi pa chikwama kuti anthu asalione. Tsiku lachiwiri ndi pamene anazindikira kalembedwe kake. Mlembiyo anali mphunzitsi wachikhristu wa ku Aleksandriya, ku Iguputo. Chipongwecho chinali cha Mgiriki wina wopembedza milungu ya makolo ake. Mphunzitsiyo ankayamba wakopera mawu a wotsutsayo monga analili, osawafewetsa, ndipo yankho lake linkabwera pansi pake. Pamene wotsutsayo ananena zoona, iye ankavomera. Za kalembedwe ka asodzi sanakane. Anati wophikira khamu saphika ngati wophikira olemera ochepa, amaphika chakudya choti aliyense adye nakhuta.

A Rowland anawauzanso kuti buku la Mgiriki lija linatayika kalekale. Zimene ananena timazidziwa lero chifukwa Mkhristuyo anazikopera.

"Ndiye kuti mdani wake ndiye anamusungira mawu?"

A Rowland anati ndi momwemo.

M'mabuku enawo anapezamo mlaliki wa ku Antiokeya akuyankha za kusiyana kwa mboni za kumanda kuja, ndi bishopu wa kumpoto kwa Afrika akuyankha mafunso a munthu wosabatizidwa. Pa mafunsowo panali la chinsomba, panalinso lakuti Khristu anachedweranji kubwera, nanga mibadwo ya m'mbuyo inalakwanji. Mafunso atatu a Atusaye onse analipo. A Gwanda ananyadira kuti ena mwa oyankhawo anali a nthaka ya Afrika, ndi kuti wa ku Iguputo uja analemba buku lake Uthenga usanazike mizu ku Sikotilandi. Anaonanso china chimene sanakondwere nacho. Palibe mmodzi mwa akuluakuluwo amene anakhazika wofunsa pansi ndi kumuimbira nyimbo.

Sanathe mabuku onse, ndipo zambiri zinawapita pamwamba. Koma Loweruka lina anamutumizira Atusaye uthenga kuti akumane pa malo omwera khofi ku Shawlands. A Gwanda sadya kunja, amati ndi kutaya ndalama. Mtsikanayo anafika, nayang'ana mbali zonse asanakhale.

"Amayi a Mvano abisala kuti?"

Anamuuza kuti palibe. Anati anene zonse zimene zili kukhosi, m'chinenero chilichonse chimene afuna, iwo sadula mawu mpaka atamaliza. Atusaye anayamba mokayika, kenaka anathamanga, Chingerezi ndi Chichewa pamodzi, manja akuuluka. Khofi wa a Gwanda anazizira. Atamaliza, iwo anabwereza mafunsowo limodzi limodzi kuti aone ngati amva bwino. Pa la makolo mtsikanayo anawaimitsa. Anati alifewetsa, iye sanafunse ngati makolowo anali anthu abwino, wafunsa ngati Mulungu wotaya anthu chifukwa cha malo ndi nthawi imene anabadwira ndi wolungama. A Gwanda analibwereza monga linalili. Iye anati eya, ndi limenelo.

Anayamba ndi la mboni. Anamukumbutsa za tsiku limene agogo ake, mlaliki uja, anamwalira ku Domasi. Mafoni analira tsiku lonse. Azakhali anati m'chipindamo munali iwo ndi namwino. Abambo aang'ono anati munali anthu anayi. Wina anati mvula inali isanayambe, wina anati inali itakata. Palibe anakayika za malirowo, ndipo a Gwanda anakwera ndege kukaika. Akanati onse anene mawu ofanana ndendende, iwo akanadziwa kuti anthuwo anakhala pansi kupangana, pali chimene akubisa. Ananenanso poyera kuti yankholo si lawo, ndi la mlaliki wakale wa ku Antiokeya, iwo angolivala za ku Domasi.

Atusaye anati yankholo ndi labwino, koma imfa imachitika tsiku ndi tsiku, kuuka ayi. A Gwanda anavomera kuti ndi zoona.

Pa chinsomba anapereka la bishopu uja, kuti amene wavomera manda opanda kanthu alibe chifukwa chopunthwira pa nsomba. Mtsikanayo anati kumeneko ndi kuchotsa katundu pa phewa ili ndi kumuika pa phewa linalo. A Gwanda anaseka, koyamba m'milungu yambiri. Anati nawonso pamenepo anaona kuti bishopu wazemba pang'ono.

La makolo analiyankha pang'onopang'ono. Bishopuyo, anatero, ananena kuti Mawu a Mulungu analipo asanabadwe m'thupi, ndipo anthu a nthawi iliyonse ndi dziko lililonse amene anamukhulupirira monga anadziwikira kwa iwo, nayenda molungama, anapulumuka mwa iye yemweyo, ngakhale mayina ndi miyambo zinali zina.

"Ndiye agogowo ali kuti, adadi?"

"Sindidziwa, mwanawe. Bishopuyonso sanawaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa sitima panabwera Asikoti. Mulungu anamupeza ali kale ku Domasi."

Atusaye anawayang'ana m'maso. Kenaka ananena kuti pa Pasaka sadzaima kutsogolo kwa mpingo, chifukwa sangalumbire ali ndi mafunso oyankhidwa theka. Anafunsa ngati angabwereke buku la Mgiriki wachipongwe uja, limene bambo ake anali atamufotokozera. A Gwanda anati bukulo ndi la Mkhristu, Mgirikiyo akungogonamo. Anamupatsa pomwepo, ndi jumbo lake lomwe.

Dzina la mwana wawo anakalichotsa okha pa bwalo la akulu a mpingo. Asikoti anangogwedeza mitu, kwa iwo sinali nkhani. Kwa Amalawi inali nkhani. Panja a Goodwill anawakokera pambali, nawafunsa kuti mkulu amene nyumba yake yamukanika adzaweta bwanji ana a anzake.

"Achimwene, mwana wanga salumbira chimene sanatsimikize. Akanalumbira, pamenepo ndiye ndikanachita manyazi."

Kalasi anaisintha kuyambira sabata imeneyo. Za pamtima sanazisiye, koma gawo loyamba linakhala la ana: afunse chilichonse, ndipo mkulu abwereze funsolo mpaka mwini wake avomere kuti ndi lomwelo, ndipo pokhapo ayankhe. Limene sadziwa amanena kuti sadziwa, akafunsa kwa a Rowland. Makolo ena anachotsa ana awo, ati a Gwanda akuphunzitsa ana kukayika. Ena anabweretsa ana amene anali atasiya kale.

Za chipinda cha ku yunivesite sizinamvekenso chaka chimenecho. Mkangano unabwerera pa tebulo, moti a Tusekelege ankadandaula kuti m'nyumba mwawo munthu sangadye mwamtendere chifukwa cha anthu amene anafa kalekale.

Pa Pasaka achinyamata ena anaima kutsogolo nalandiridwa. Atusaye anabwera yekha mapemphero atayamba, nakhala pa benchi ya kumbuyo. Mgonero unamudutsa. Potuluka, abusa anaima pakhomo kupereka moni monga mwa masiku onse. Mtsikanayo atafika pa iwo anawagwira chanza, koma sanapitirire. Anapatsira bambo ake jasi, nayamba kufunsa za mfundo ina ya mu ulaliki wa tsikulo. Abusa, munthu wachinyamata, anafiira makutu, koma anayamba kuyankha. Mzere unakula kumbuyo mpaka pakati pa tchalitchi.

A Ketrina anasendera pafupi ndi a Gwanda, nanong'ona kuti amukoke mwanayo, anthu akudikira.

A Gwanda anapinda jasi ija bwinobwino pa mkono.

"Adikire. Musiyeni amalize."