Masiku Atatu ku Matero

Chimene chinandichotsa mu Kanyama, komboni yathu ya mu Lusaka, si njala ayi, chifukwa tinkadya. Inali galimoto yoyera ya munthu amene mpaka lero sindimudziwa dzina. Tsiku lina m'mawa ndinaperekeza mkazi wanga Esnart kokwerera minibasi, madzi a mvula akufika m'akakolo monga zimakhalira kwathu. Ine ndinapatukira pa kantemba kukagula machesi. Galimotoyo inaima pamene iye anali, galasi n'kutsika, bambo wa mkatimo n'kumufunsa ngati akulowera ku tauni. Esnart anakana. Inde anakana, koma anakana akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinabwerera nako kunyumba, ndinadya nako, ndinagona nako.

Esnart ankakolopa ndi kuphika pa sukulu ya ana a mkaka ku Kabulonga. Kuti akafike ankakwera mabasi awiri, ya ku tauni kenako ina, pobwera chimodzimodzi. Ndiye kuti kanayi pa tsiku mkazi wanga ankaima m'mbali mwa msewu amuna a magalimoto akudutsa, pamene ine wowotcherera mageti ndinalibe ngakhale wilibala. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Joni, zaka ziwiri basi, ndikabwera ndi galimoto yathuyathu. Iye anati galimoto n'njachiyani, bwanji tingogula njinga aziyenda yekha osadikira basi. Ndinaseka mpaka Taonga, mwana wathu wa zaka zinayi, anayamba kuseka nawo osadziwa chosekedwa. Ndinalumbira kuti mkazi wa ine Lackson sadzapalasa njinga ngati wogulitsa malasha, ine ndikali moyo. Iye anangopitiriza kusita yunifomu yake.

Timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, koma sitinena kuti kabudulayo amayambira pati kung'ambika. Ku Joni mageti anali ndi owotcherera ake kale. Ndinagona m'chipinda chimodzi ndi amuna anayi, aliyense foni yake pansi pa mutu, aliyense kukayikira mnzake. Patatha miyezi itatu, m'modzi wa iwo, wochokera ku Malawi, anandipezera sikuta yobwereka, kanjinga kamoto kokhala ndi bokosi kumbuyo. Foni ikalira umakatenga chakudya ku lesitilanti n'kukapereka pa geti la munthu. Ine amene ndinkanyoza wa malasha ndinakhala wonyamulira anthu nkhuku zokazinga pa mawilo awiri, mvula ndi mphepo zikundimenya kumaso.

Kunyumba sindinanene zimenezi. Ndinati ndikuyendetsa galimoto ya kampani, ndipo ndinajambulitsa chithunzi nditatsamira galimoto ya buledi imene ndinaipeza itaima pa shopu. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, zotsala n'kumasunga za galimoto ija. Chaka choyamba chisanathe ndinaterereka pa mafuta amene anatayika mumsewu, dzanja n'kuthyoka. Ndinakhala miyezi iwiri chigonere, ndipo galimoto yanga yonse inathera mu lendi ndi mankhwala. Izinso sindinanene. Ndinkalira ndekha anzanga akapita ku ntchito, ndikangomva fungo la kapenta wa munthu wina ndinkafuna kwathu.

Chimene chinkandisunga ndi mauthenga a mawu amene Esnart ankatumiza m'mawa uliwonse ali m'basi. Zimene ankanena ndinkazimva, koma ndivomere, khutu langa linkakhala pa za kumbuyo kwake. Kondakitala kukuwa tauni tauni, hutala, mayi wina kukangana za chenji, nyimbo za kutchalitchi pa wailesi. Phokoso limenelo ndiye linali mlonda wanga. Ndikalimva ndinkadziwa kuti mkazi wanga wapanikizana ndi anthu khumi ndi asanu, ndipo mtima unkakhala pansi.

M'chaka chachiwiri phokosolo linasiya. Mauthenga anayamba kubwera aafupi, kumbuyo kuli zii, nthawi zina mbalame, iye akupuma mwawefuwefu ngati wathamanga. Nditafunsa, anati m'basi mumadzaza kwambiri masiku ano ndipo akuba mafoni achuluka, ndiye amadikira afike kaye. Yankho linali labwino, koma linatuluka msanga kwambiri ngati lokonzeratu. Uthenga umodzi ndinaumvetsera kakhumi, kufunafuna mawu a injini kapena chifuwa cha mwamuna.

Kenako mlongo wanga wamkulu, a Judith, amene amakhala mizere iwiri kuchokera panyumba pathu, ananditumizira wawo. A Judith akafuna kukubaya amayamba ndi kufunsa ngati ukudya bwino. Atatha zimenezo anati: "Mulamu wanga siakwela basi masiku yano. Nafunsa makondakita bonse, palibe wamene amuona. Achoka m'mawa kuseni na chitenge koma mukati muli tilauzi, angena mu maliketi, basi wasoba. Na kubwela abwela mwamusanga maningi. Ine sinakambe vilivonse, nakuuza chabe."

Sanakambe chilichonse, koma ine m'maganizo ndinaona galimoto yoyera ija itaima kuseri kwa msika, injini ikulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikamadutsa pakati pa magalimoto a mu Joni ndinkasuzumira m'galimoto yoyera iliyonse, ngati kuti bamboyo angapezeke kumeneko. Kawiri ndinapereka chakudya pa geti lolakwika. Ukwati wanga unkatha ine ndikunyamulira anthu chipisi. Ndinabweza sikuta kwa mwini wake, ndinagulira Taonga nsapato ndi Esnart nsalu, n'kukwera basi ya ku Lusaka osauza munthu.

Ndinafika Lamulungu masana, koma sindinapite ku Kanyama. Ndinapita ku Matero kwa mnzanga Chanda, amene tinaphunzira naye kuwotcherera. Chanda amakhala yekha, mkazi wake anamuthawa chifukwa cha zibwenzi. Ngakhale iyeyo anandidabwa. Anati ngati ndikufuna kudziwa ndingopita kunyumba ndikamufunse mwini wake. Ine ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikufuna ndimugwire ndi maso anga akutsika m'galimotomo, pasadzakhale zokana.

Lolemba ndinalawirira. Ndinavala kapu, ndinabisala kuseri kwa matumba a malasha pafupi ndi msika wa kwathu. Esnart anatulukira ndi chitenje chake, akuyenda mofulumira. Patatha zaka ziwiri ndinamuona mkazi wanga, wachepa thupi pang'ono, ndipo mtima unafuna kuti ndimuitane. Sindinamuitane. Analowa mumsika, ndinamutsatira, koma pakati pa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ndi mawilibala a tomato anandisowa. Ndinathamangira minibasi kuti ndikamudikire ku Kabulonga. Mu msewu wa Los Angeles tinaima chiimire, basi kusuntha pang'ono n'kuimanso. Anthu oyenda pansi ankatipitirira, a njinga ankatipitirira, ine nditakhala pa windo maso ali m'galimoto iliyonse ya munthu. Pamene ndinkafika ku sukulu kuja n'kuti iye akupachika kale matawulo pa chingwe mkati mwa mpanda. Ndinati eya, ndi basi sakanafika nthawi imeneyi.

Madzulo a tsikulo ananditumizira uthenga wolemba, wa mawu awiri, kufunsa kuti ndili kuti. Nambala yanga ya mauthenga inali ikadali ya ku Joni. Ndinayankha kuti ndili ku ntchito, kuno kukuzizira kwambiri. Ndinadziona wochenjera.

Lachiwiri ndinapita molunjika ku Kabulonga, n'kukhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti lalikulu. Ndinaona galimoto iliyonse imene inatsitsa mwana, ndinawerenga nkhope za abambo onse, atatu ndinawada popanda chifukwa. Esnart sanatsike m'galimoto iliyonse, koma belu litalira ndinamuona mkati akunyamula ndowa. Mlonda wa nyumba ina, amene anayamba kundikayikira, anandiuza kuti antchito amalowera geti la kumbuyo. Ndinati chabwino, bamboyo ndi wochenjera, amakamutsitsira kuseri.

Lachitatu ndinamukakamira kumbuyo mumsika muja, mpaka kugunda mayi wina wonyamula mazira. Esnart analowa m'kashopu ka mayi wosoka zovala. Ndinaima kuseri kwa mulu wa mabulangete, thukuta lili kamukamu, ndikudikira kuti atulukire kwina kumene kuli galimoto. Anatulukira pomwe analowera. Chitenje anali atachimanga m'chiuno pamwamba pa buluku, kumutu kachipewa, ndipo ankakankha njinga yakuda yokhala ndi kaliyala. Atafika pa tala anakwera, anayang'ana kumbuyo kamodzi, n'kulowa pakati pa minibasi ziwiri zimene zinaima. Ine ndakhala pafupifupi zaka ziwiri pa mawilo awiri, wodziwa ndimamuona. Mkazi wanga sanayambe dzulo. Mphindi imodzi isanathe anali atapitirira mzere wonse wa magalimoto.

Ndinakhala pa mwala n'kuyamba kuseka ndekha ngati wopenga. Manyazi anandigwira, koma pang'ono chabe, chimwemwe ndiye chinachuluka. Palibe galimoto yoyera, palibe bambo, ndi njinga basi. Ndinabwerera ku Matero, ndinasamba, ndinameta, ndipo dzuwa litapendeka ndinachita hayala takisi kuti ndifike ngati munthu wochokera ku Joni. Dalaivala ndinamuuza aimbe hutala pakhomo.

Taonga anandithamangira, anansi anatuluka, a Judith anabwera ndi nthungululu. Esnart anagwada, anandipatsa moni wa ulemu wonse, analandira chikwama, anandiikira madzi osamba m'manja ndi chakudya. Anthu atabalalika, Taonga atapita kukaonetsa anzake nsapato, iye anakhala pa kampando pafupi ndi chitseko n'kundifunsa kuti basi yafika nthawi yanji. Ndinati masana omwe ano.

"Nanga ija ya pa Mande mu Los Angeles," anatero, "yamene munankala ku windo na kapu, nayo inali kuchokela ku Joni?"

Ndinasiya kudya. Iye anapitiriza osakweza mawu. Anati anadutsa pafupi kwambiri ndi windolo moti akanatha kundigwira phewa, koma maso anga anali kwina. Anaganiza kuti ndikufuna kumudzidzimutsa, ndiye pobwera anagula nkhuku n'kuphika. Kutada osandiona, m'pamene anafunsa pa foni, ine n'kumuuza za kuzizira kwa ku Joni. Lachiwiri anaphikanso. Iye sanamuuze mwana kanthu. Za njinga anazinena yekha ndisanafunse: anaigula kwa mlonda wa pa sukulu amene ankabwerera kumudzi, chifukwa anatopa ndi kufika mochedwa ndi kukalipiridwa, ndipo ankaisunga kwa wosoka uja poopa lumbiro langa ndi pakamwa pa a Judith.

"Yanga nakamba. Manje imwe, bashi Taonga," anatero, akunditchula monga bambo wa mwana wathu, "ni ndani wamene munayambila kuona mukalibe kubwela kuno?"

Ndinanena zoona zonse, kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri. Za sikuta, za dzanja, za galimoto ya buledi, za matumba a malasha ndi mtengo wa ku Kabulonga. Anandifunsa kuti mboni yanga ndani. Nditatchula Chanda anaseka pang'ono, ndipo ndinamvetsa, chifukwa mu Matero monse palibe mkazi wa munthu amene angakhulupirire Chanda ngakhale atanena kuti kunja kukugwa mvula. Ndinalumbira pa dzina la mwana.

"Ngati ni mukazi, ningamvele, bamuna mumachita," anatero. "Koma ngati ni vazoona vamene mukamba, ninshi munabwela kuzanigwila, osati kuzaniona. Sankani mweka chamene nizakulupilila."

Sindinasankhe, ndipo ankhoswe atakhala pansi sabata yotsatira sanathenso kundisankhira. Esnart anatenga Taonga n'kupita kwa mkulu wake ku Chawama, akuti akaganize. Papita miyezi isanu ndi iwiri. A Judith masiku ano amati iwo sanakambe chilichonse, ndipo n'zoona, sindingawaimbe mlandu. Ndinachoka poopa kuti mkazi wanga sangayende bwino mu Lusaka popanda ine, ndinabwera n'kupeza kuti amafika msanga kuposa aliyense, ndipo munthu yekhayo amene ankamubisalira m'njira ndinali ine.

Tsopano ndimawotcherera pa kashedi kena pafupi ndi msewu wa Kafue, ndipo sindinasankhe malowo mwangozi. M'mawa uliwonse amadutsa pamenepo, njinga ili poyera, Taonga atakhala pa kaliyala mpaka pa sukulu yake. Ndimazimitsa makina, ndimavula magalasi kuti andione nkhope. Mwana amandibayibitsa. Esnart amaliza belu kamodzi, n'kunena kuti mwauka bwanji bashi Taonga, monga amachitira ndi mnansi aliyense, ndipo sachotsa phazi pa pedulo.