Kachipewa Kachikasu

Kachipewa kaja kanali kachikasu, kolukidwa ndi ulusi wa juzi yakale, kakang'ono moti chibakera changa cha lero sichingalowemo. Ndinakapeza pansi m'mala ya amayi, bokosi lachitsulo limene linkakhala kuseri kwa chitseko, chaka chimene mlongo wanga anabadwa. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kotokota ndiponso kosamva.

Mlongo wangayo anabadwira kuchipatala cha ku Lifidzi, chisanu chili pachimake. Amene sanagonepo kwathu mwezi wa Juni asandiuze za kuzizira. M'mawa udzu umayera mbuu, madzi a mumtsuko amalasa mano. Amayi atabwera naye kunyumba analowa m'chikuta: iwo ndi khanda sankatuluka, ndipo si aliyense ankaloledwa kulowa. Abambo ankangoima pakhomo ngati mlendo, n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji m'menemo?" Akatero ankamanga thumba la mbatata panjinga, ulendo wa ku Kalomwe. Azakhali, amene anabwera kudzatisamala, ankati akuluakulu ndi otentha, angadwalitse mwana. Ine ndinali wozizira, choncho ndinkaloledwa kumunyamula. Ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati bwana wa ku Ulongwe, osadziwa n'komwe kuti kutenthako n'kutani.

Masiku ankangofanana. Matewera sankauma chifukwa cha nkhungu, ndiye tinkawawamba pamoto mpaka mwana yense ankanunkha utsi. Azakhali ankathowa amayi ndi madzi otentha, n'kuwakakamiza phala kuti mkaka utuluke. Mwana akalira, tonse tinkadzuka. Akagona nthawi yaitali, azakhali ankaika chala pamphuno pake.

Chinthu chimodzi chinkandipweteka. Amayi ankayamwitsa, ankasambitsa, ankafunditsa mwanayo nsalu ziwiri za kapulana, koma sankamuyang'ana kumaso. Akamayamwitsa, maso awo ankakhala pakhoma. Mayi amene ankaimba ngakhale potola nkhuni anangoti duu. Ine ndinkawakwiyira mumtima, ndinkati sakumukonda. Ana amaweruza msanga, ndipo ine ndinali katswiri pa zimenezo.

Mchombo utagwa, azakhali anamumeta mwana tsitsi lobadwa nalo, amayi n'kutuluka m'chikuta. Imeneyo ndiyo nthawi yopereka dzina. Abambo anafunsa, amayi anati, "Tadikirani." Sabata inatha, anafunsanso, yankho lomwelo. Anthu ankangomutchula kuti khanda. Tsiku lina ndinamva azakhali akuuza amayi motsitsa mawu kuti, "Mlamu, mwanayu si mlendo woti mawa atsanzika."

M'mawa wina amayi anapita kukasamba, n'kundisiya ndi mwana. Mutu wake wometawo unali wozizira, liwombo likugunda poyera, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinatsegula mala, imene sindinkaloledwa kuikhudza, kufunafuna kansalu. Pansi penipeni, m'kati mwa duku, munali kachipewa. Ndinamuveka. Kanamukwana ngati anachita kumuyeza, ndipo ndinakhala pansi kudikira kuti anditamande.

Amayi analowa, n'kuima. "Wakatenga kuti?" Sanadikire yankho. Anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale, n'kulira mokweza ngati pamaliro. Ndinali ndisanamvepo mawu oterowo akutuluka mwa iwo. Azakhali anathamanga kuchokera kukhitchini, anayang'ana mwana, anayang'ana amayi, kenako anatseka chitseko. "Asiye alire," anatero kwa ine. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, ndikudziwa kuti lero mkwapulo ndaulawa.

Nkhani yake anandiuza azakhali omwewo patapita zaka zambiri, ine ndili m'chikuta changa. Zaka ziwiri mlongo wanga asanabadwe, makolo anga ananditumiza kukakhala kwa azakhaliwo, n'kundiuza kuti amayi akudwala malungo. Si malungo ayi. Panabadwa mwana wamkazi, amene anamwalira mchombo usanagwe, asanapatsidwe dzina. Mwana wotere kwathu amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo mwini mwana amaletsedwa kulira, akuti angatseke mimba. Amayi anamvera mwambo. Anapinda kachipewa kamene anamulukira, n'kukatsekera m'mala pamodzi ndi misozi yawo. Ndiye pamene ndinkati sakumukonda mlongo wanga, iwo ankaopa kuloweza nkhope imene angaitayenso. Sindinena kuti mwambowo ndi woipa, amene anauika anali ndi zifukwa zawo. Koma ine mkazi wolira mwana wake sindimuletsa.

Tsiku lija ndinakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa linapendeka, njala itandipota. Kenako ndinamva amayi akundiitana, mawu atasasa. Ndinalowa mwakachetechete, nditakonzeka kale kulira. Anali atakhala pamphasa, maso otupa, mwana ali pamiyendo, kachipewa kakadali kumutu. Ankamuyang'ana kumaso, akumusisita tsaya ndi chala, akung'ung'udza kanyimbo.

"Abambo ako abwera?" anandifunsa. Ndinati angofika kumene, akumasula njinga.

"Kawaitane adzamve dzina la mwana wawo."

Ndinathamanga ndili wokondwa kuti ndapulumuka mkwapulo. Koma ndinkadabwabe kuti munthu wamkulu angalire chotero chifukwa cha kachipewa, chikhalirecho kanali katsopano, ndipo mmene ndinkaonera ine, kanali kasanavalidwepo ndi munthu.