Ulemu Woimirira

Kwathu ku Kandeu tinali ndi mawu ake a anthu odzisamala. Wochapa nsalu yake ndi kusesa pabwalo tinkati ndi waudongo, ndipo ameneyo aliyense ankamufuna. Akawonjezako nsapato ndi mafuta m'mutu tinkati watchena, kumuseka pang'ono kwinaku tikusirira. Koma akangopitirira apo, mawu anali amodzi: akunyang'wa. Mawu amenewa akakumata sankachoka, ngakhale usambe ndi sopo wa kusitolo kwa Mmwenye. Ine mawu amenewa anandilanda mwamuna.

Ndinali mbeta masiku amenewo, Azungu akadali pa Boma ku Ntcheu. Mnyamata wina wa ku Mlangeni anabwera kudzapuma kuchokera ku Halale, kumene ankaperekera zakudya m'hotela. Anapita kumeneko ali mwana, amake atamwalira, ndiye anakulira pakati pa Azungu ndi akhukhi awo. Tinakumana pamsika nditasenza dengu la kachewere, miyendo ili mbuu. Anandivulira chipewa, ine wafumbi ine. Ankayankhula motsitsa, ndipo ndikamayankha ankadikira kuti ndimalize. Zimenezo sindinazionepo kwa mwamuna aliyense wa kwathu. Ndinamukonda, ndisabise.

Tsiku lokaonekera kwa amalume anabwera ndi mkulu wina wa kwawo. Anawapatsa mipando pakhonde, ine ndi azakhali tili kuseri kwa nkhokwe kusuzumira. Nkhani inkayenda bwino, mpaka amalume anaseka.

Kenaka amayi anatulukira ndi thobwa. Mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Komanso wamng'ono akaona wamkulu amatsika pansi, samuimirira pamutu. Amayi anagwada chapatali kuti amalume alandire. Mnyamata uja atangowaona anadzambatuka, chipewa pachifuwa, nakaima njo patsogolo pawo. Anawayang'ana m'maso, natambasula dzanja.

"Muli bwanji, mayi? Khalani pampando wangawu, musagwade pansi."

Amayi anaphimba nkhope ndi nsalu, thobwa linatayika, iwo uyo kuseri kwa nyumba. Mnyamata uja anatsala chiimire, dzanja lili m'malere, osadziwa chimene walakwa. Kuhotela anamuphunzitsa kuti dona akalowa, mwamuna amaimirira. Anawapatsa amayi anga ulemu waukulu kuposa wonse umene ankaudziwa.

Azakhali ndiwo anayamba. "Wamuona? Kuwaimirira amako pamutu ngati kapitawo. Kumeneku si kutchena, mwanawe, n'kunyang'wa." Mawa lake akazi pamtondo anali atapeza masewera, wina kuima njo, wina kuthawa ataphimba nkhope.

Ndinapita kwa amalume misozi ili chuchuchu. "Amalume, munthuyu sadziwa. Anakulira kwa eni. Muuzeni, amva."

"M'mera mpoyamba, iwe," anatero amalume. "Lero waimirira amako, mawa adzafuna iwo amugwadire."

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mkulu amene anamuperekeza uja sanamuuze kalikonse ulendo wonse wochokera ku Mlangeni. Ankaganiza kuti munthu wotchena chotero amadziwa zonse. Ifenso tinkaganiza chimodzimodzi, n'chifukwa chake kusadziwa kwake tinakutcha mwano.

Mnyamata uja anabweranso mvula itayamba, yekha, masiku ake opuma atatsala pang'ono kutha. Wina anali atamulangiza, koma za kugwada zokha. Amalume anali kumunda, ine ndinali m'nyumba ndi amayi tikusankha nyemba. Tinamva munthu akuwomba m'manja panja. Nditasuzumira pachitseko ndinamuona atagwada m'matope pakati pa bwalo, mutu uli pansi, mvula ikumuwaza.

"Mayi," anatero, "ndinalakwa. Ndabwera kudzapepesa."

Amayi anasuzumira pamng'alu wa chitseko nthawi yaitali. Kenaka anabwerera nadzakhala pansi. Ndinafuna kutuluka, anandigwira nsalu. "Khala pansi. Mtsikana sayankha mlandu wa akulu. Adikire amalume ako."

Anadikira ndithu, akubwereza mawu omwewo. Chitseko sichinatsegulidwe. Kumene anakulira, munthu akakutsekera chitseko ndiye kuti wakukana. Ndinamuona akudzuka pang'onopang'ono, natola chipewa chake, naweramira chitseko chotsekacho, n'kumapita.

Amalume atabwera, amayi anayankhula nawo, ndipo patapita masiku ochepa anatuma munthu ku Mlangeni kukanena kuti abwere, nkhani ipitirire. Munthuyo anapeza atanyamuka kale ulendo wa ku Halale. Sanabwererenso kwawo, anatchona.

Ndinakwatiwa ndi wina wa m'mudzi momwemo, wodziwa mwambo wonse, wothawa amayi akadali kutali. Tinabereka ana, tinalima, sindingamunenere choipa. Koma sanadikirepo kuti ndimalize kuyankhula.

Amayi atakalamba, tsiku lina tikukonola chimanga, ndinawafunsa chimene ndinasunga mumtima zaka zonsezo.

"Amayi, munthu uja anagwada pamvula. Bwanji simunatuluke, ngakhale kungomuuza kuti mwamva?"

Anasiya chisononkho, nandiyang'ana modabwa ndithu.

"Nditangomuona m'matope muja ndinamulola, mwanawe. Nanga ndikanamutulukira bwanji mkamwini wanga?"