Chitenje cha Amayi Pamsana Panga

Lero ndadutsa pomwe amakolopa ndi kulorini, fungo lake n'kundibwezera ku Kande, chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona.

Amayi anali namwino. Kwathu ndi ku Dedza, choncho kunyanjako tinalibe wachibale aliyense. Atayamba kutsokomola, anadzitsekera kuchipinda. Oyandikana nafe ankatisiyira usipa ndi ufa wa kondowole pakhonde n'kubwerera msanga. Ndinatsala ine, mnyamata wa sitandade sikisi, ndi mlongo wanga amene anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Mwanayo analira mpaka mawu kusasa. Phala analikana. Ankakwawira kuchitseko n'kumachimenya ndi timanja take.

"Tenga chitenje changa pachingwepo, um'bereke," anatero amayi ali pawindo.

"Ine? Nanga anzanga akandiona?"

"Anzakowo akutontholetsera mwana? Werama!"

Ndinawerama. Mwana anatsetsereka, mwamwayi ndinamugwira mwendo. Kachiwiri mfundo inamasuka. Thukuta linkandilowa m'maso, uku amayi akutsokomola pakati pa mawu.

"Mbali imodzi idutse kukhwapa, inayo paphewa. Koka. Usaope, sathyoka ameneyo."

Ndinakoka mpaka nthiti kuwawa. Chitenjecho chinali ndi fungo la kulorini ndi sopo wa amayi. Mwana ananunkhiza, n'kukwirira nkhope pamsana panga, kulira kuja n'kusanduka kusisima.

Anyamata awiri, nkhafi zili paphewa, anaima pamsewu akundiseka. Sindinathawire m'nyumba. Ndinazungulira bwalo lonse pang'onopang'ono, kuti amayi azitiona bwino pawindo.

"Wagona?" anafunsa amayi motsitsa mawu.

"Wagona. Inunso kagoneni."