Dzanja la Doña Ondina

Doña Ondina akhala akuphika mabaleada, timikate topyapyala toikamo nyemba, pakona ya msewu wathu ku Chamelecón kuyambira ndili mwana. Pakamwa ali napo, koma chimene chinawagwetsa m'mavuto ndi kunyadira mwana, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Mwana wawo Dunia anali ndi mutu. Boma linamulipirira sukulu ku Tegucigalpa, yophunzira kuteteza makompyuta kwa mbava za pa intaneti, pa pangano loti akamaliza adzagwire ntchito kumene boma lingamuike. Linamuika kupolisi. Kwathu kuno nkhani yotere umaimeza, chifukwa zigawenga zolamulira dera lino zimapha aliyense wonunkha upolisi. Dunia anawachonderera amake kuti asauze munthu.

Sanauzedi munthu. Koma ife mwana akamaliza sukulu chithunzi chake timachipachika poonekera, ndiye iwonso anapachika chawo pamwamba pa chiwaya penipeni: Dunia atavala mkanjo, mkulu wa apolisi akumupatsa setifiketi.

"Doña, chotsani icho," ndinawauza.

"Iwe, wako anathawa sukulu, ndiye ukufuna ndibise wanga?"

Masana ena kunabwera Chele, mkulu wa zigawengazo, ndi anzake. Anayamba wadya kaye baleada, kenako anakweza maso.

"Doña, mwatiberekera kapolisi eti? Kakukhala kuti?"

"Ndinakusambitsa uli khanda iwe. Idya uzipita."

Chele anawamenya ndi mfuti kukamwa, mano n'kugwera mu nyemba. Atafunsanso iwo osayankha, anawagwira dzanja lamanja n'kulikanikiza pachiwaya chamoto. Msewu wonse unatseka zitseko. Fungo la mnofu wopserera lija ndimalimvabe, ndipo ndikalikumbuka mtima umandiwira. Doña anakuwa mpaka mawu kutha, koma kumene Dunia akukhala sanatchule.

"Akadzangoponda kuno, mudzamutola m'thumba," anatero Chele, n'kuchoka ndi chithunzi chija.

Zala zinapindika osawongokanso. Masiku ano amakanda ufa ndi dzanja lamanzere, mabaleada ake n'kumatuluka okhota, koma ife timagulabe.

Dunia amaimba foni Lamlungu lililonse. Ndimamva ndili pabenchi pompo.

"Mama, ndibwere Khirisimasi ino?"

"Udzatani kuno? Ndilibe nthawi yosunga alendo ine. Gwira ntchito!"

Akadula foni amakhala pansi n'kulira, dzanja lija ali nalo pachifuwa. Za dzanjalo sanamuuze mpaka lero, chifukwa akudziwa kuti tsiku limene Dunia adzamve, adzakwera basi yobwera kuno.