Mawu a M'ndege Yopanda Munthu

Ntchito yanga yoyamba nditasiya sukulu inali yotsuka ndege. Osati zikuluzikulu zija, koma ting'onoting'ono tonyamula alendo okaona nyama kuchigwa cha Zambezi. Nthawiyo ndinkakhala ndi mayi anga ku komboni ya Kalingalinga.

Tsiku lina masana ndinkapukuta mipando ya ndege ina m'shedi. Kutsogolo, kokhala woyendetsa, kunalibe munthu. Kenaka kumeneko kunalankhula mwamuna. Anabwereza mawu awiri a Chingerezi, osakweza, osanjenjemera, ngati wolengeza maliro pa wailesi. Ndinatsika chambuyo, sanza yopukutira ili m'manja.

Makaniko wathu, bambo wachikulire wa ku Matero, anatulukira kuseri kwa phiko. Anali atadina batani loyesera n'kutsika ine osawaona.

"Osayopa, mwana wanga, niyesa chabe," anatero. "Ni kabokosi. Kaziba pali phiri iliyonse na kutalika kwake. Ndeke ikafika pafupi na pansi, kamauza woyendetsa kuti akwere."

"Nanga woyendetsayo alibe maso?"

"Mu mitambo maso yamanama. Ndeke ilibe vuto, munthu sadwala, koma bagunda phiri bali kuceza."

Mwezi wa Seputembala anandituma kuchigwa kukatsuka ndege ina imene inagona kumeneko. Ndinakwera ndege yopita kukatenga alendo, yopanda wokwera wina. Woyendetsa anali mayi wosalankhulalankhula, ndipo anandikhazika pambali pake. Aka kanali koyamba kuti ndichoke pansi.

Inali nyengo yotentha tchire. Titangodutsa malata a m'makomboni, utsi unatiphimba. Kumwamba kotuwa, pansi kotuwa, dzuwa ngati mbale yachitsulo yosakwecha. Sindinkamva n'komwe kuti tikuyenda. Patapita nthawi mayiyo anachepetsa mphamvu ya injini, tinayamba kutsika, ine n'kumaganiza za kumene ndikatunge madzi otsukira.

Mwamuna uja analankhula.

Mawu ake anali omwe aja a m'shedi, ofatsa chimodzimodzi. Mayiyo sanasuzumire panja, sanafunse kanthu. Anakankha chitsulo cha injini mpaka kumapeto, n'kukokera chiwongolero pachifuwa. Thupi langa linalemera, mutu unakanirira pampando. Mawuwo anapitirira kubwereza. Nditayang'ana pazenera langa, utsi unang'ambika pang'ono ndipo ndinaona mitengo yopanda masamba, nthambi iliyonse payokha, ndi mwala waukulu wakuda ndi moto. Pamwalapo panakhala nyani, akutiyang'ana. Utsi unatsekanso.

Kenaka mwamunayo anangokhala chete.

Tinazungulira m'mwamba nthawi yaitali tisanatere. Injini itazima, mayiyo anakhalabe atagwira chiwongolero.

"Mphepo inatichedwetsa," anatero, osandiyang'ana. "Nenze kuganiza kuti mapiri tayasiya kumbuyo."

Ndege imene anandituma kukatsuka ija ndinaitsuka.

Nditabwerera ku Kalingalinga ndinapeza mayi anga akupima makala m'timapepala tapulasitiki pakhomo pathu. Ndinawafotokozera zonse. Sanafunse za phiri, kapena za nyani. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Uja mwamuna wamene anakamba, akali moyo?"

Ndinawauza kuti ndi makina. Iwo anati makina sabadwa ndi pakhosi, alipo munthu amene anapereka mawu akewo.

M'mawa mwake ndinakafunsa makaniko uja. Anati mawuwo anajambulidwa kalekale kudziko lakutali, ndipo iye sanamvepo za mwini wake. Anati mwina munthuyo anangolowa m'kachipinda, kuwerenga zimene anamulembera, n'kupita kwawo.

Mayi anga anali Akatolika a pemphero lalitali. M'mawa uliwonse ankatchula amoyo kaye, kenaka akufa. Mwamuna wa m'ndegeyo mayi sanadziwe koti amuike, choncho ankamutchula konsekonse, mpaka chaka chimene iwo anamwalira.