Nyumba Imene Sinamve Maliro

Ndinaganiza zochoka ku Lusaka tsiku limene mlonda wa pageti la kampani ina yomanga anandibwezera makalata anga, n'kundiuza mwaulemu kuti nawonso mabwana ake akufunafuna ntchito. Inali nthawi imene kwacha inkagwa mlungu uliwonse, magetsi akuzima kuyambira m'mawa, ndipo nyumba zambiri m'tauni zinaima pa msinkhu wa mawindo, zitsulo zake zikuchita dzimbiri padzuwa. Ndinali ndi digiri ya zomangamanga m'dziko limene linali litasiya kumanga. Nditauza amayi, kwathu ku Kanyama, kuti ndapeza malo ku Mangalande, anafunsa funso limodzi lokha: "Ukadwala kuja, azaziba ni ndani?" Ndinawayankha kuti zipatala za kumeneko n'zabwino.

Ntchito imene ndinapeza, mumzinda wina wa kumpoto kwa dzikolo, ndi yovuta kuifotokoza kwathu. Kumeneko lamulo sililola munthu kumanga nyumba asanasonyeze kuti sidzataya kutentha kupitirira muyezo. Ine ndinkawerengera kutayikako. Ndinkatenga khoma, n'kuona kukula kwake, zimene lamangidwira, ndi kusiyana kwa kuzizira kwa panja ndi kufunda kwa m'kati. Pochulukitsa zinthu zitatuzi ndinkapeza kutentha kumene khomalo limatulutsa. Kenako denga, pansi, chitseko, windo lililonse. Zonse zikaphatikizidwa, nyumba inkakhoza kapena kulephera ngati mwana wa sukulu. Ikatha kumangidwa, tinkamangirira fani yaikulu pakhomo kuti ikoke mpweya, ife n'kumayenda ndi kautsi m'mbali mwa mawindo, kusaka pamene mphepo ikulowera. Mkulu wa ofesi yathu, mayi wosakonda kulankhula, ankati mpata uliwonse ndi mdani.

Ndinayesa kufotokozera amayi pa foni.

"Manje iwe umanga manyumba?"

"Ayi, amama. Ndimawerengera kutentha kumene kumathawa m'nyumba."

"Kuthawira kuti?"

"Panja."

"Nanga panja kulibe anthu? Basiye bawothe."

Ndinaseka, koma foni itaduka ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana khoma la chipinda changa. Linali khoma labwino kwambiri. Ndinali nditaliwerengera ndekha mongosewera. Silinkalowetsa mphepo ngakhale phokoso. Kuseri kwake kunkakhala mkulu wina amene tinkapatsana moni wa mutu pamasitepe. Tsiku lina ndinaona dzina lachilendo pachitseko chake. Mpaka lero sindidziwa ngati anasamuka kapena anamwalira.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo kugwa kwa kwacha kunkazikulitsa m'njira mochititsa manyazi: mavuto amene ankasautsa anthu kwathu ndiwo ankandichititsa kuoneka wolemera. Zinandipatsa maganizo. Amayi ankakhala m'chipinda chakale cha mabuloko osapaka, chokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi malata, moti m'mwezi wa Juni mphepo inkayenda m'nyumba ngati mwini wake. Ndinakulira m'menemo, ndipo ndinkakumbukira kuzizira kwake m'mafupa. Ndinajambula nyumba yatsopano yoti imangidwe kutsogolo kwa puloti yomweyo: makoma awiriawiri otsekera zofunditsa pakati, siling'i yokhuthala, magalasi ophatikiza ochokera ku Joni, mphira m'mbali mwa chitseko. Mabowo a mphepo amene nyumba iliyonse ya m'komboni imakhala nawo pamwamba pa windo ndinawachotsa, n'kusiya kabowo kamodzi kokha kukhitchini. Ndinaletsa kulowetsa mbaula. Nyumbayo sinkafunika moto. Mlongo wanga Tisa, amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Chawama, ndiye ankayang'anira omanga ndi kunditumizira zithunzi. Nditawerengera zonse, nyumba ya amayi inakhoza lamulo la dziko limene iwo sanalionepo. Ndinanyadira.

Amayi atalowamo, miyezi yoyamba mauthenga anali osangalatsa. Kenako anafupika. Ndikafunsa za nyumba, Tisa ankayankha za mitengo ya zinthu. Ndikaimbira amayi ndinkamva chifuwa, ndiponso phokoso la malata akuwomba ndi mphepo, limene silikanatheka kumveka m'nyumba imene ndinajambula. Pomaliza Tisa analemba kuti: "Ba Masauso, bwelani chabe muzione mweka. Ine nalema."

Ndinafika m'nyengo yozizira. Minibasi inanditsitsa pamsewu wa fumbi, ndipo nyumbayo ndinaiona ndili patali, yoyera, yowongoka, yotseka. Pachitseko panali loko. Amayi ndinawapeza kuseri, m'chipinda chakale, atafunda zitenje ziwiri ndi juzi ya malemu atate, akutsokomola. Titatha malonje, ndinafunsa ngati denga likudontha, ngati khoma lang'ambika, ngati omanga anaba simenti. Anakana zonse.

"Nyumba ilibe mulandu," anatero. "Ifunda bwino maningi. Ndiye vuto yake."

Sindinamvetse, ndipo ndinawauza choncho. Tisa, amene anabwera atamva kuti ndafika, ndiye anafotokoza, amayi akuyang'ana pansi. A Zulu, oyandikana nafe kwa zaka zonse za moyo wanga, anamwalira m'bandakucha wina m'Juni wa chaka chatha. Akazi awo, amene tonse timawatchula kuti amake Lute, analira monga mmene amalirira mayi kuti komboni idziwe. Anthu a mizere itatu ya nyumba anamva, n'kuthamangira. Amayi, amene khoma lawo ndi la a Zulu zimasiyana mikono yochepa chabe, anali m'tulo tofunda. Anatsegula chitseko dzuwa litakwera, tsache lili m'manja, n'kupeza mipando ya a Zulu ili kale panja, amuna atakhala mozungulira moto, azimayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba.

Ndiyenera kufotokoza kulemera kwa zimenezi, chifukwa nanenso ndinali nditakuiwala. Kwathu woyandikana naye amafika pamaliro achibale asanafike. Ndiye amagwira wofedwa, kutulutsa katundu, kutuma ana kukauza anthu. Pamene atate anamwalira, amake Lute analowa m'nyumba mwathu opanda nsapato, kulira kwa amayi kusanathe mpweya woyamba.

"Ninalowa mochedwa monga mulendo," anatero amayi. "Bonse bananiyang'ana. Wina anakamba kuti, ba ku Mangalande bauka."

"Koma munawauza kuti simunamve?"

"Ninabauza. Amake Lute banati, 'Ba ku msika banamvela, imwe pafupi apa simunamvele?' Iwe ungakhulupilile?"

Kuyambira pamenepo amake Lute ankayankha moni ndi mawu amodzi. Maliro atatha, amayi ananyamula bulangeti lawo n'kubwerera m'chipinda chakale, ndipo ananena kuti sadzagonanso m'nyumba yogontha.

Ndinachita zimene ndinaphunzira. Ndinawafotokozera kuti chifuwa chawo chikuchokera ku mphepo ya pansi pa malata, ndi kuti Juni wina m'chipinda chimenecho akhoza kuwagoneka m'chipatala. Ndinati ndigula belu, kapena foni yoti amake Lute aziimba pakagwa vuto. Tisa anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ba injiniya! Munthu bamuna bake bafa, ayambe kusakila nambala?"

Masiku otsatira ndinkangozungulira nyumba ija ngati munthu amene wataya kiyi. Ndinalowa, n'kutseka chitseko. Kunja ana ankasewera mpira, wina ankakhoma mbaula, wailesi ya pa kantemba, kagolosale ka pamsewu, inkalira. M'kati munali zii, ndiponso mofunda. Ndinabwereza masamu anga m'mutu ndipo sindinapeze cholakwa. Khoma linkachita zimene ndinalilamula. Chimene chinandizunguza n'chakuti sindikanatha kutsekera kuzizira panja popanda kutsekeranso amake Lute, pakuti zonse ziwiri zinkalowera pa mpata umodzi. Zaka zonse zija ndinkalemba chotuluka pa mpata ngati chotayika. Panalibe pamene lamulo linandifunsa za cholowa.

Sindinganene kuti ndinafika pa mfundo. Ndinangoona kuti amayi akutsokomola, ndipo sadzasuntha. Loweruka m'mawa ndinabwereka hamala ndi tchizulo, ndinakwera pa dilamu, n'kuyamba kuboola khoma la chipinda chogona, pamwamba pa windo loyang'ana kwa a Zulu. Buloko lakunja linagwa, zofunditsa zoyera zinauluka pabwalo ngati nthenga, kenako lam'kati. Manja ankagwira ntchito, mutu ukuwerengera wokha kutentha kumene kudzatulukire pamenepo. Pofika bowo lachiwiri, nyumba inali italephera kale lamulo.

Phokosolo linatulutsa amake Lute. Anaima pakhomo pawo, mayi wochepa thupi wovala duku lakuda, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Masauso, unamanga na ndalama, manje uphwanya na ndalama. Ndiye sukulu yamene iyi?"

"Ndikutsegula kuti amama azimva," ndinayankha.

Analowa m'nyumba mwawo.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinapempha amayi kuti angolowa aone. Anakhala pa bedi limene anali asanaligonere chaka chathunthu, manja ali pamiyendo, ngati mlendo wodikira basi. Mphepo yozizira inkatsika kuchokera pa mabowo aja mpaka ndinaimva m'khosi. Pamodzi nayo munalowa fungo la makala, kulira kwa mwana, ndi kukhula kwa poto. Kenako kukhulako kunaleka, ndipo mawu a amake Lute anabwera, osakweza konse, mawu a munthu amene akuyesa.

"Amake Masauso. Muliko na mchele?"

Amayi anaimirira msanga kuposa mmene ndinawaonera chibwerereni.

"Nabwela!"

Ali pakhomo anatembenuka, n'kuloza bulangeti lochindikala limene ndinawabweretsera. "Uyike pa bedi apa. Muzazizila lelo muno."

Tikiti yanga yobwerera ku ntchito ikadali m'chikwama. Ndikapita, ndidzatenganso kautsi kaja n'kumasaka mipata m'nyumba za eni ake, ndipo ndidzaitseka, chifukwa ndilo lamulo la kumeneko ndipo kuzizira kwake kumapha. Koma tsiku lija ndinatsala ndekha m'chipinda chimene ndinachiwononga ndi manja anga, ndikunjenjemera pang'ono ndi kuzizira, ndikumvetsera amayi awiri akukangana kuseri kwa khoma za amene anayamba kusiya kupereka moni. Mawu aliwonse ankamveka.